Mfuti Yamanzere ya Ermes Gitti

Kuno kwathu mwamuna aliyense amadziwa kupanga mfuti kuposa amene amaipanga. Loweruka lililonse ndimawamva ataunjikana pa kauntala yanga ku bwalo lowomberako, makapu a khofi ali m'manja. Uyu akufuna kachitsulo kowombera kafewe, kuti chala chikangokakhudza mfuti ilire. Uyo akufuna mpope utalikeko pang'ono. Wina akulira mfuti zakale zachitsulo chenicheni, akuti zapulasitiki za masiku ano n'zoseweretsa ana. Mnzake akuti ayi, zachitsulo zimathyola mkono, angosiyako pamwamba malo omangirapo kagalasi ka kadontho kofiira kaja. Theka la anthu amenewa anakalambira m'mafakitale omwewo a m'chigwa muno, ngakhale ine ndinapukuta mipope mpaka zala zinada, koma likafika Loweruka aliyense ndi bwana wamkulu. Ndimangothira khofi n'kumati eya, eya. Zofuna zawozo sizikhalitsa. Chaka chino chogwirira chichepe, chaka chamawa yemweyo akuti chikule.

Munthu mmodzi yekha ndi amene sanasinthepo nyimbo, Ermes Gitti, wometa tsitsi wa pafupi ndi mlatho. Kuyambira ali mnyamata wa tsitsi lodzaza mutu mpaka dazi linafika ku nkhongo, ankafuna chinthu chimodzi basi: mfuti ya m'manja yopangira munthu wamanzere.

Ine ndi Ermes tinakulira limodzi, kalasi imodzi kwa masisitere. Ndikukumbukira sisitere wina wamtali akumumangirira dzanja lamanzere ku mpando ndi lamba wansalu, kuti azilemba ndi lamanja ngati ana ena onse. Kulemba anaphunziradi, zilembo zake zili ngati pamene papalasa nkhuku, koma supuni, mpeni, mwala wogendera mumtsinje, zonsezo zinakhalabe kumanzere. Atakula analowa m'fakitale monga bambo ake ndi azichimwene ake. Sanakhalitsemo. Makina onse anali ndi zogwirira kumanja, ndipo kapitawo ankati kumuonerera Ermes akupala chitsulo kumamuchititsa chizungulire. Anatuluka n'kukaphunzira kumeta. Ankameta bwino zedi, ndi sizasi yamanzere imene anachita kuitanitsa kutali, ndipo palibe amene anakhalapo pampando wake osaionetsedwa.

"Taonani," ankatero akuitsegula n'kuitseka m'mwamba. "Anthu a masizasi, oti sindinawaonepo, anandikumbukira. Anthu a mfuti, amene ndimakhala nawo benchi imodzi m'tchalitchi, akuti munthu ngati ine sanabadwe."

Vuto lake linali loona, zimenezo ndisabise. Mfuti ya m'manja ikalira imalavula khoko la chipolopolo, kamkuwa kotentha ngati khala, ndipo imalavulira kumanja. Pa mpikisano munthu amaima cham'mbali atatambasula mkono umodzi. Wamanja akaima choncho, khoko limadutsa kumsana kwake n'kukagwa pansi, iye osadziwa n'komwe. Wamanzere akaima, chifuwa ndi nkhope zimayang'ana komwe khokolo likudzera. Ermes anali ndi tizipsera tambirimbiri pansi pa chibwano. Ankamanga mpango m'khosi ngakhale mwezi wotentha, anzake atavala malaya odula manja. Tsiku lina khoko linalowa pakati pa magalasi ndi chikope, iye n'kupirira mpaka zipolopolo zinatha, ndipo ataika mfuti pansi m'pamene anayamba kuvina ndi kutukwana. Kabatani kotulutsira magazini, mokhala zipolopolo muja, kanali mbali ya chala chachikulu cha munthu wamanja. Iye ankachita kukafufuza ndi chala chamkombaphala, ngati munthu wofuna kiyi m'thumba la mnzake.

Ngakhale zinali choncho, ankawombera bwino kwambiri. Chaka chilichonse masamba akayamba kufiira m'mapiri, midzi yonse ya m'chigwa imakumana pa bwalo lathu kulimbirana chikho. Zaka zina chinkapita kwa anthu a kumunsi, zina kwa mnyamata wina wobwera kumene. Koma chaka chimene Ermes wafika pamwamba, ankapeza wina ali kale pamwamba pake, ndipo winayo anali yemweyemweyo, Ottorino Belleri. Ottorino ankayendetsa basi ya kumtunda mpaka anapuma pantchito. Anali munthu wosayankhulayankhula, wamapewa akugwa, woima pa mzere wowomberapo ngati akudikira wokwera womaliza. Ermes anakhala wachiwiri kambirimbiri moti ana ena ankaganiza kuti Wachiwiri ndi dzina lake la ubatizo.

Chikho chikaperekedwa tinkadziwa chotsatira. Ermes ankafika pa kauntala, n'kumusisita Ottorino paphewa.

"Chigwire bwino, mnzanga. Ndangokubwereka. Tsiku limene adzapange yamanzere, chikho chimenecho uzidzachionera pa windo la shopu yanga, ukubwera kudzametetsa titsitsi tako totsalato."

"Eya, Ermes."

"Usati eya ngati ukuyankha mkazi wako. Ukudziwa kuti ndikunena zoona."

"Eya."

Tonse tinkaseka. Inenso ndinkaseka nawo, koma nthawi zina zinkandinyansa. Munthu wapambana mwachilungamo, iwe n'kumamuthira mchenga m'mbale chaka ndi chaka? Ndinamuuzapo Ermes zimenezi pamaso, iye n'kundiyankha kuti ine ndi wamanja, sindingamvetse.

Sikuti ankangolirira pa kauntala yanga pokha. Wamva m'mimba ndi amene amatsekula chitseko, ndipo Ermes anali ndi mwayi umene anzake analibe: eni mafakitale ankabwera okha kudzakhala pampando wake. Ankayamba wawapaka thovu, mutu n'kuugoneka chagada, lumo n'kuliika pakhosi, kenako n'kufunsa mwaulemu wonse kuti, "Nanga yamanzere ija, bwana, yafika pati?" Yankho linali limodzi, lotuluka m'kamwa motsekula pang'ono. Amanzere ndi ochepa. Kutembenuza mfuti yonse kumafuna makina ena. Mwina chaka chamawa. Mmodzi anamubweretsera chogwirira chamtengo chosemera dzanja lamanzere, chokongola ndithu. Ermes analandira ndi manja awiri, anathokoza, bwanayo atangotuluka n'kunena kuti iye anapempha nsapato, ampatsa chingwe chake.

Amene anamva kulira kumeneku kuposa tonse ndi Loretta, mwana wake mmodzi yekhayo. Mayi ake anamwalira iye ali kusekondale, choncho madzulo aliwonse ankadya awiriwiri ndi bambo ake, nkhani ya mfuti yamanzere ili pakati pawo ngati mlendo wosatsanzika. Atamaliza sukulu analowa ntchito yojambula zitsulo za mfuti pa kompyuta, m'kafakitale kena kakang'ono ka kumtunda. Anakhala duu zaka zingapo. Kenako atabwera makina atsopano, aja ongowauza n'kusema okha, anawavutitsa mabwana ake mpaka anatopa naye n'kumulola kupanga mfuti zamanzere zowerengeka, zongoyesera. Loretta sanawauze kanthu bambo ake.

Chaka chomwecho, kuzizira kukutha, Ermes anafika pa kauntala anzake asanabwere. Mfuti sanatenge. Anapempha khofi wothiramo grappa, kachasu wathu wa mphesa.

"Dorina, dokotala wandiyang'ana m'maso."

"Wapezamo chiyani? Nzeru?"

"Akuti chaka chino ndikhoza kuwombera. Chaka chamawa sadzandisainira chilolezo. Pali china chikudya diso lamanzere pang'onopang'ono."

Ine ndinangomukalipira kuti wataya shuga pa kauntala.

Patapita milungu ingapo, za mapepala a kupolisi zonse zitatha, Loretta analowa Loweruka atanyamula kasutikesi kakuda. Anakaika pa tebulo pakati pa amuna onse aja, n'kukatsekula, n'kuti, "Ababa, tayesani iyi." Inali mfuti yomwe tonse timaidziwa, koma ngati ukuionera pagalasi. Khomo lolavulira makoko linali kumanzere. Kabatani kaja kanali pomwe chala chachikulu cha Ermes chimagona. Anaitola, ndipo inalowa m'dzanja mwake yokha.

Phokoso lake!

"Abale inu, yatheka!"

"Loretta, uwauze mabwana akowo, yanganso italike mpope!"

"Khala chete iwe, mpope wako wakudziwa ndani? Ottorino, tsanzikana nachotu chikho chako!"

Amuna ankayang'ana mfuti, ine ndinkayang'ana nkhope. Ermes anamwetulira, anapsompsona mwana wake pachipumi. Koma ine ndinamudziwa ali ndi kabudula, ndipo ndinaona kuti wachita mantha. Mlomo ukausiya m'njira umakutsata. Moyo wake wonse ankati mfuti ndi imene imamugwetsa. Tsopano mfuti ija yabwera, mpikisano wamutsalira umodzi wokha, ndipo akalepheranso sakanatha kuloza chala mfutiyo osaloza mwana wake.

Tsiku lomwelo anapita nayo pa mzere, tonse tili pambuyo pake. Malo a Ermes anali akumapeto, pafupi ndi khoma la kumanzere. Anaima pamenepo zaka zonse ndipo palibe ankamulanda. Anatambasula mkono, mfuti inalira, khoko linauluka bwinobwino kupita kumanzere monga Loretta analijambulira. Linakamenya khoma, n'kubwerera, n'kudzalowa m'kolala kumbuyo. Munthu wamkulu uja analumpha akudzimenya kumsana.

"Zaka zonsezi wapsa kutsogolo, lero wapsa kumbuyo!" anafuula wina. "Wapsa mbali zonse, Ermes, tikuphule?"

Tinaseka mpaka misozi, Loretta yemwe. Ndinakatenga bulangete lakale m'sitolo n'kulipachika pakhomapo, nkhani ya khoma inathera pomwepo. Koma atapita kukaona chandamale, kuseka kunachepa. Zipolopolo zinali mbwee, zina pansi, zina pambali, ngati za munthu woyamba kumene.

Loweruka lotsatira zinali chimodzimodzi, linalonso chimodzimodzi. Mfuti inalibe vuto. Loretta anaimanga pa chitsulo choyesera, n'kuboola dzenje limodzi ndi zipolopolo zisanu. Vuto linali mutu wa Ermes. Pozemba makoko zaka zonse zija, unazolowera kugwera paphewa mfuti ikamalira, diso n'kutsinzina. Ndi mfuti yakale thupi lake linali litapangana kale ndi chizolowezi chimenechi: ankaipendeka pang'ono, ankakoka pa kamphindi kake, zonse zinkakumana pakati. Yatsopanoyi sinkadziwa za pangano limenelo. Khoko linkapita kwina, mutu n'kumazembabe chinthu choti kulibe.

Mwezi wa maluwa uli pakati, ndinamuona akulowa ndi chikwama chake chakale chachikopa. Ottorino anali pa kauntala, akuvundula khofi.

"Nanga ija ili kuti?" anafunsa Ottorino.

"Ikupuma."

"Mfuti yatsopano ikupuma?"

"Zinthu zimafuna kuzolowera, Ottorino. Sungakwatire lero, mawa n'kuyamba kutumana. Mwina chaka chino ndipikisana ndi yakale yomweyi. Nthawi yachepa."

Ottorino anaika supuni pansi. Chibadwire sindinamumvepo akuyankhula mawu ambiri ngati tsiku limenelo.

"Ayi, Ermes. Zimenezo ndiye ayi. Chikho chilichonse chimene ndinatenga pano unandilawira ndiwe. Ndikafika nacho kunyumba mkazi wanga amati tiike pabalaza, ine ndimakachiika m'galaja kuseri kwa matayala, chifukwa ndikachiyang'ana ndimamva mawu ako. Mwina umanena zoona. Ine sindikudziwa, ndipo ndatopa n'kusadziwa. Ubwera ndi yamanzereyo. Ndipo ubwera uli bwino, osati ndi mutu wovinawo."

"Mutu wanga suvina."

"Umavina. Dorina, umavina kapena suvina?"

"Ngati wa nkhunda," ndinatero.

Ermes anatiyang'ana tonse awiri ngati tamubera. Ananyamula chikwama chake n'kutuluka osamwa khofi. Ndinkati basi ubale watha. Koma Lolemba, tsiku limene ometa onse amatseka, anagogoda kwanga kudzapempha kuti ndikatsekule bwalo. Kasutikesi kakuda kanali m'manja, Ottorino ali m'galimoto akudikira.

Njira yake inali yakale, aliyense wowombera amaidziwa, kungoti palibe amafuna kuti amuchitire pagulu. Ottorino ankatembenuka n'kudzaza magazini yekha, akusakanizamo zipolopolo zabodza, zija zopanda wonga. Ermes sankadziwa kuti chabodza chili pati. Anawombera koyamba, mfuti inalira. Kachiwiri, inalira. Kachitatu inangoti kete, osalira, osalavula kanthu, ndipo mu bata limenelo tonse atatu tinaona mutu wa Ermes ukugwera paphewa, diso litatsinzina, mpope n'kugwera pansi. Anakhala choncho kanthawi, mkono uli chitambasukire.

"Waona?" anatero Ottorino.

"Ndaona," anayankha motsitsa mawu. "Zakhala chonchi kuyambira liti?"

"Kuyambira ndili ndi tsitsi."

"Ndiye osandiuza?"

"Ukanamva?"

Amuna a Loweruka atazimva anapukusa mitu, ati kuwongola mtengo m'poyamba, nkhalamba ngati iyi ingothyoka. Awiriwo sanawalabadire. Nyengo yonse yotentha, Lolemba ndi Lolemba, ndinkawatsekulira n'kukhala pa mthunzi ndikusenda nyemba zanga, ndikumva mawu akuchokera ku mzere.

"Wazemba."

"Sindinazembe."

"Wazemba, ndipo watsinzina."

"Iwe unali woyendetsa basi kapena wansembe? Kulapitsa munthu chonchi!"

"Dzaza mpweya. Yambiranso."

"Ndikanadziwa, ndikanakumeta nsidze tsiku la ukwati wako."

"Yambiranso, Ermes."

Masiku ena zinkaoneka ngati zikutheka, sabata yotsatira mutu uja n'kubwereranso ku zake. Tsiku lina Ermes anakhala pa benchi n'kundiuza kuti masisitere analephera kumusintha dzanja ali mwana, nanga woyendetsa basi amusintha bwanji khosi ali gogo. Ndinamuuza kuti masisitere sankamukonda. Anandiyang'ana, anayang'ana Ottorino amene anali atawerama kutola makoko pansi ndi msana wake wovutawo, n'kunyamuka kubwerera pa mzere.

Loretta sankabwera pa Lolemba, anali kuntchito. Ankangondiimbira foni madzulo n'kufunsa kuti, "Azakhali, zayenda bwanji lero?" Si ine azakhali ake enieni, koma wanditchula choncho kuyambira ali kakhanda. Ndinkamva m'mawu ake kuti akudziimba mlandu, akuona ngati anawalanda bambo ake chinthu m'malo mowapatsa. Ndinkamuuza kuti zayenda bwino, ngakhale masiku amene sizinayende.

Mphesa zitayamba kupsa, ndinamva kete uja, kenako zii. Palibe amene anati wazemba. Nditasuzumira ndinapeza Ermes ali chiimire, mutu uli njo, maso onse ali chitsekukire, mpope osagwedera. Ottorino anangoti, "Eya." Tsiku limenelo Ermes anamasula mpango m'khosi n'kuuika m'thumba. Khosi lake linali loyera ngati la mwana, dzuwa linali lisanalionepo.

Mpikisano unafika m'mawa wozizira, kumwamba kuli mbee, kopanda kamphepo ngakhale pang'ono. Anthu anabwera ambiri kuposa zaka zonse, chifukwa nkhani inali itamveka chigwa chonse. Ngakhale amayi a kwaya amene amati mfuti n'za anthu opanda chochita anali pompo ndi zikwama zawo. Loretta anakhala pa benchi yakumbuyo atapinda manja. Asanaitanidwe ku mzere, ndinamva Ermes akunong'oneza mnzake.

"Ukandimvera chisoni lero, ndidziwa. Ndipo ndidzakudula khutu."

"Ndikumvere chisoni iwe? Ndakutayira chilimwe chonse."

Anaima malo ake akumapeto, Ottorino malo achitatu kuchokera pamenepo. Ndaonerapo mipikisano yambiri ndili kuseri kwa makina a khofi, koma tsiku limenelo ndinawazimitsa, wofuna khofi adikire. Ermes ankawombera modekha, mosathamanga. Mkono unkakwera, n'kuima, mfuti n'kulira, khoko n'kukagwera pa bulangete mwakachetechete. Mutu sunagwedere ngakhale kamodzi. Gawo lililonse likatha, oweruza ankapita ku zandamale n'kubwera akuyang'anana. Gawo loyamba anatsogola Ermes. Lachiwiri anafanana. Anyamata a kumunsi anali atatsalira kale kutali, zinatsala za nkhalamba ziwiri.

Gawo lomaliza ndi lija lofulumira, chandamale chimatembenuka, kukupatsa kamphindi, n'kubisalanso. Apa m'pamene kale makoko ankamusokoneza kwambiri Ermes. Tsiku limeneli palibe chinamusokoneza. Anamaliza, anatulutsa magazini ndi chala chachikulu ngati munthu wina aliyense, anaika mfuti pa tebulo n'kupuma mpweya wautali. Ndinaona pankhope pake kuti akudziwa kuti wawombera bwino.

Oweruza anawerenga kawiri. Mapointi a Ermes anali ochuluka kuposa amene anapezapo moyo wake wonse, ochuluka moti zaka zambiri akanatenga nawo chikho mosavuta. Ottorino anamuposa ndi atatu.

Anthu anaomba m'manja, koma mwamanyazi. Chikho chinaperekedwa, tonse tinalowa mkati, ndipo m'chipinda mwanga munali bata lachilendo. Amuna aja odziwa zonse ankangoyang'ana m'makapu opanda kanthu. Ottorino anali ataima pafupi ndi khomo, chikho atachigwira ngati cha munthu wina. Ermes atalowa, ndi Ottorino amene anayamba kuyankhula.

"Ndi diso lija, Ermes. Ikanabwera zaka makumi awiri zapitazo, bwenzi..."

"Diso laona bwino lero. Chandamale ndimachiona chonse, ndi timizere take tomwe."

"Dzuwanso linali kumbali kwanuko, a Gitti," anatero mnyamata wina wa kumunsi, pofuna kuthandiza.

"Dzuwa linali kwa tonse, mwanawe."

Loretta anadutsa pakati pa anthu n'kuima patsogolo pa bambo ake. 

"Ababa, ngati pali chimene ndinalakwitsa pa mfutiyo, ndiuzeni pompano. Musandibisire. Ndikakonza."

Ermes anamuyang'ana mwana wakeyo. Njira zonse zothawira zinali zotsekuka, anzake anachita kumutsekulira okha, ndipo palibe akanamunena akanadutsa pa imodzi. Ine ndemwe ndinkafuna kuti adutse, ndinkamumvera chisoni kwambiri.

"Palibe, mwana wanga," anatero. "Pamene ndailozetsa ndi pomwe yamenya. Ndi mfuti yabwino kuposa mmene ndinkaipemphera. Sindinawomberepo chonchi chibadwire."

Kenako anatembenukira kwa Ottorino.

"Ndiye kuti unali iwe, mkulu. Zaka zonsezi sinali mfuti. Unkandiposa ndiwe."

Ottorino anawerama, ndipo nkhalamba ija inalira pamaso pa chigwa chonse, itakumbatira chikho pachifuwa.

"Iwe, usalirire mkatimo," anatero Ermes. "Chichita dzimbiri."

Anthu anaseka, bata lija n'kusweka, phokoso n'kuyambiranso. Ine ndinathawira kuseri kwa kauntala kukayatsa makina, chifukwa maso anga nawonso sanali bwino. Ndinamudziwa Ermes moyo wanga wonse, ndinamukalipira kosawerengeka, koma sindinamulemekezepo ngati tsiku limenelo. Patapita kanthawi anabwera yekha, anatsamira kauntala n'kupempha khofi. Nditamupatsa, dzanja limene linakhala njo tsiku lonse linkanjenjemera moti khofi anayamba kutayikira, ndipo ndinachita kumugwirira kapu kuti amwe.